Njovu Imodzi, Njinga Khumi ndi Zinayi

Kuntchito ankamutchula kuti Kapasule, ndipo iye sankakana dzinalo chifukwa kupasula ndi kumene anamulembera ntchito. Anzake ankalemba pulogalamu ya pafoni yoitanira njinga zamoto zonyamula katundu, iye n'kumabwera pambuyo kudzafufuza pamene ingathyokere isanafike m'manja mwa anthu. Munthu akafuna kutumiza phukusi ankalemba pamene ali, kumene likupita ndi chimene chili m'katimo, kenako n'kudina batani lobiriwira, wanjinga amene ali pafupi n'kutulukira pageti. Zinali zophweka choncho, bola netiweki ikhale bwino.

Mu ofesi mwawo intaneti inkayenda ngati madzi a pampopi. Mnzake amene analemba gawo la batani lobiriwiralo ankayesera momwemo, n'kutambasula manja n'kunena kuti zili bwino. Mawuwa ankawanena pa chilichonse, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika, onse n'kumangoti Zilibwino. Kapasule ankamuuza kuti makasitomala sakhala mu ofesi. Amakhala kuseri kwa msika, pansi pa masitepe, m'sitolo ya malata momwe foni imagwira kadontho kamodzi ka netiweki, nakonso ukaimirira ndi mwendo umodzi.

Sabata imeneyo ofesi ankaipaka penti, ndiye bwana anati aliyense akagwirire kwawo. Lachitatu m'mawa, mwamuna wake atapita kuntchito ndipo ana atapita kusukulu, Kapasule anapukuta tebulo lodyera n'kuyalapo zida zake: foni yoyesera yong'ambika sikirini, laputopu yake ya ntchito, ndi laputopu ina yakale imene inkalira ngati chigayo chakutali.

Panyumbapo panali mlendo. Apongozi ake aamuna anali atabwera kudzachotsa ng'ala m'diso lamanzere, ndipo dokotala anawaletsa kuwerenga, kuwerama ndi kuyenda pafumbi kwa milungu iwiri. Disolo linali lophimbidwa ndi kachivindikiro ka pulasitiki komata ndi tepi. Koma munthu amene wagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu ndi ziwiri sadziwa kungokhala. Pa masiku anayi okha anali atasanja masupuni motengera kutalika kwake, nsapato za pakhomo motengera eni ake, ndipo tsopano analibe chosanja. Anabwera n'kuima kuseri kwa mpando, manja kumbuyo.

"Kodi mayi, chikuchitika pano n'chiyani? Foni ilipo koma simukuimbira munthu."

"Ndikuyesa pulogalamu, bambo. Foni ikamatumiza uthenga siutumiza wathunthu. Imaudula tizidutswa, ife timati timapaketi, ngati timakalata tambirimbiri. Timapita ku kompyuta yaikulu ya kampani, iyonso n'kuyankha ndi timakalata take."

Atamva za makalata, apongoziwo anakoka mpando n'kukhala.

"Ndiye laputopu yakaleyi ndaiika pakati, ngati positi ofesi ya panjira," anapitiriza Kapasule. "Kalata iliyonse, yopita ndi yobwera, ikudzera muno. Ndaiuza kuti pa makalata khumi alionse izitaya imodzi."

"Izitani?"

"Izitaya."

"Kubweza kwa mwini wake?"

"Ayi, kungotaya basi."

"Mwadala?"

"Mwadala, bambo. Ndikufuna ndione mmene pulogalamuyi imachitira netiweki ikamavuta."

Apongoziwo anagwira chibwano n'kumuyang'ana kwa nthawi ndi diso limodzi lija.

"Abwana anu akudziwa zimenezi?"

"Ndi amene andituma."

"Ha! Dziko lapita." Anapukusa mutu. "Ife kalata ikabwera ndi adiresi yosamveka tinkaisunga pashelefu miyezi itatu, tikufunsa aliyense wolowa. Ina inangolembedwa kuti kwa mlamu wanga wamtali, pafupi ndi mtengo. Tinamupeza munthuyo. Sanali wamtali kwenikweni, koma tinamupeza. Nanga timakalata mukutayato timagwera kuti?"

"Kulibe kumene timagwera. Timangozimiririka."

"Palibe kalata imene imazimiririka, mayi. Imakhala ili kuseri kwa kabati."

Kuti mtima wawo ukhale m'malo, Kapasule anawaonetsa batani lina pa laputopu yakaleyo. Anati akangolidina, kutaya konse kumalekeka, makalata onse n'kudutsa. Apongoziwo analiyang'anitsitsa batanilo.

Anayamba ntchito. Potaya kalata imodzi pa khumi, pulogalamu inkatseguka bwinobwino, mapu n'kuoneka. Atakweza kufika pa makalata atatu, mapu anayamba kubwera mwazigamba, msewu wina uli apa wina palibe. Analemba zonse m'kabuku. Kenako anauza laputopu kuti izitaya theka lathunthu, n'kutsegula tsamba loitanira njinga.

Pulogalamu imene anali nayo inali imene Zilibwino anamutumizira m'mawa womwewo, yomwe anati ndi yoyesera. Yoyesera imalankhula ndi kompyuta ya masewera, mmene njinga zake ndi timadontho tongoyenda pa mapu, topanda munthu. Choncho Kapasule analemba mmene ankalembera masiku onse. Pochokera anaika nyumba yake. Kopita anaika kunyumba kwa Zilibwino, chifukwa ankakonda kumutumizira zinthu zabodza. Pa mtundu wa katundu analemba kuti njovu imodzi, musaigwetse. Anadina batani lobiriwira kamodzi kokha.

Kagudumu kanayamba kuzungulira pa sikirini. Kanazungulira, n'kuima, n'kuyambanso. Pa laputopu mizere inkatsika yosonyeza kuti foni yatumiza, yadikira yankho, yankho silinabwere, yatumizanso. Kapasule anamwetulira ngati mlenje amene waona mapazi a nyama. Anadzuka kukateleka madzi a tiyi, kagudumuko kakuzungulirabe.

Madzi asanawire, hutala inalira pageti.

Atatsegula kachitseko ka geti anapeza munthu wa chipewa chofiira atakhala pa njinga yamoto, injini ikulira, foni ili m'manja.

"Odi amayi. Ndabwera kudzatenga njovu."

"Njovu?" anafunsa Kapasule.

"Inenso ndadabwa," anatero wanjingayo, "koma ndati mwina ndi yosema. Ndi yaikulu bwanji? Ikapitirira apa ndiye tiziyenda pang'onopang'ono."

Asanayankhe, njinga ina inakhota pakona n'kudzaima pambali pa yoyambayo. Mwini wake anali wonenepa, ndipo anali atakoleka zingwe ziwiri paphewa.

"Ndi pano pali njovu?"

"Njovuyo ndi yanga, achimwene," anatero wachipewa chofiira. "Ndayamba ndine kufika."

"Pafoni panga palembedwa kuti ndi yanga."

Anaonetsana mafoni, ndipo onse awiri ankanena zoona. Ali mkati mokangana panafika yachitatu, yachinayi ndi yachisanu, ndipo kamsewu kawo kopapatiza kanadzaza utsi. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, thovu la sopo lili m'manja.

"Aneba, kwagwanji? Mukusamuka osatiuza?"

"Ayi, ndi za kuntchito."

"Ndamva za njovu."

"Kulibe njovu!"

Anjinga onse asanu anatembenuka n'kumuyang'ana. Kapasule anawapempha kuti adikire pang'ono, n'kuthamangira m'nyumba kuti akazimitse foniyo isanaitane ena.

Anapeza apongozi ataima pa laputopu yakale ija, nkhope ili ngwee ngati munthu amene watsegulira mbuzi zimene zinatsekeredwa tsiku lonse.

"Ndawamasula," anatero. "Ndaona kuti mwatanganidwa panja, ndiye ndadina batani lija. Makalata onse adutsa, palibe yotsala. Foni yanuyi yalira kasanu ndi kanayi."

Kapasule anatola foniyo. Pulogalamuyo inali ndi khalidwe losunga mauthenga olephera m'kathumba kake, kudikira kuti netiweki ibwerere, ndipo tsopano kathumbako kanali katakhuthulidwa konse. Pa sikirini panali mawu akuti njinga yanu ikubwera, olembedwa kasanu ndi kanayi, wina pansi pa mnzake. Anakhala pampando pang'onopang'ono. Mbali ina ya mtima wake inkafuna kulira, koma mbali ina, ya Kapasule weniweni, inkavina, chifukwa chilema chachikulu chotere anali asanachigwirepo chaka chonsecho.

Anaimbira Zilibwino n'kuika foni pa sipika kuti manja akhale omasuka.

"Kapasule! Zikuyenda?"

Apongozi anatembenuza mutu. "Akuti ndani?"

"Ndi dzina la kuntchito, bambo."

"Mwana wanga akulidziwa dzina limeneli?"

"Akulidziwa." Anabwerera ku foni. "Iwe, pulogalamu wanditumizira ija ikulankhula ndi kompyuta iti?"

"Yoyesera. Zili bwino."

"Tayang'ana."

Kunamveka kugogoda kwa zala pa kompyuta. Kenako kunamveka kamawu kakang'ono. "Aaa. Pali kamzere kamodzi ndinaiwala kusintha. Koma si nkhani, ingomupepesa wanjingayo."

"Uti?"

"Bwanji, alipo angati?"

Kapasule anapita pawindo n'kutulutsa foni panja. Nthawi imeneyo njinga zinali zikufika ziwiriziwiri, mahutala akuyankhana, agalu a mumsewu wonse akuthandizira.

"Wadina kangati?" anafunsa Zilibwino foni itabwerera m'nyumba.

"Kamodzi. Uthenga ukufika, koma yankho likutayika panjira. Pulogalamu yako ikaona kuti sinayankhidwe ikuganiza kuti sinatumize, ndiye ikulemba wina watsopano. Aliyense akuitana njinga yake. Zilipo khumi ndi zinayi. Taziletsa."

"Batani loletsa ulendo ndimati ndilembe sabata yamawa."

Panja zinthu zinali zitafika pena. Wachipewa chofiira, amene anali atadzisankha yekha kukhala wolankhulira anzake, anafotokoza kuti iwo sangangochoka. Ulendo ukatseguka pafoni, sulola wina kulowa mpaka wolandira katundu asayine kumene ukupita. Akachoka chimanjamanja, mafoni awo akhala otsekeka tsiku lonse. Wazingwe uja anati iye wasiya katundu weniweni chifukwa cha njovuyi. Wina wakumbuyo anakuwa kuti angoitulutsa aione, nkhani ya mwini wake akambirana pambuyo. Kapasule anayesa kufotokoza za timapaketi, koma mawu ake ankamira mu phokoso la injini.

Pamenepo chitseko chinatseguka. Apongozi anatuluka atavala jekete ndi tayi, atanyamula katebulo ka pakhonde. Anakaika pakati pa geti, n'kukhala kuseri kwake, n'kumenya patebulopo kawiri ndi chikhatho.

"Zimitsani makina. Mzere umodzi. Wopanda mzere sathandizidwa."

Mawuwo anatuluka ndi mphamvu ya zaka makumi atatu ndi ziwiri za pakauntala, ndipo injini zinazima imodzi ndi imodzi. Amuna khumi ndi anayi, zipewa zili m'khwapa, anandanda m'mbali mwa mpanda. Apongozi anauza aliyense kuti awerenge nambala ya ulendo wake mokweza. Atamva zonse anaitanitsa foni ija, imene Zilibwino anali asanaidule.

"Inu ndi amene munakonza makinawa?"

"Ndine, bambo."

"Kalata ndi imodzi, koma manambala ndi khumi ndi anayi. Nambala mukuipereka kuti?"

"Ku kompyuta yaikulu, uthenga ukafika."

"Ndiye mwalakwa pamenepo. Kalata yolembetsa timaipatsa nambala pakauntala, isananyamuke. Ikafika kawiri, wolandira amaona kuti nambala iyi ndasayinira kale, n'kuika pambali. Inu mukudikira ifike kaye, ndiye mudziwa bwanji kuti ndi yomwe ija? Ngakhale wophunzira wa sabata imodzi sangachite zimenezo."

Zilibwino anafunsa chapansipansi, "Kapasule, akuluwa ndi ndani?"

"Apongozi anga."

"Anaphunzira kuti zimenezi?"

"Ku positi ofesi."

Zotsala zinali za katundu. Apongozi anagamula kuti popeza aliyense ayenera kukapereka chinachake kuti ulendo wake utsekeke, njovuyo ipita m'zidutswa. Kapasule anaimbira bwana, amene anaseka mpaka kutsokomola n'kunena kuti maulendowo ndi a kampani, bola lipoti lifike lisanathe tsiku. Ndiye Kapasule analowa m'nyumba n'kuyamba kutola chilichonse chimene dzanja lagwera: supuni, babu lopsa, chivindikiro cha poto amene anabooka kalekale, kalendala ya chaka chatha, limoti yakufa, anyezi mmodzi, chopanira zovala, silipasi imodzi imene anaipeza pakhomo. Mayi woyandikana naye, ataona kuti pali mwayi, anayamba kudutsitsa zake pampanda: ambulera yothyoka nthiti, wotchi yoima, chidebe chopanda chogwirira, sefa yobooka, mpeni wobuntha. Anabweranso ndi kamphaka m'katoni, koma apongozi anakakana.

"Zamoyo sizidutsa pa kauntala ino."

"Nanga njovu ija?" anafunsa wazingwe.

"Wotsatira," anatero apongozi.

Chinthu chilichonse Kapasule ankachimata kapepala, apongozi n'kulembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti njovu, chidutswa chakuti mwa khumi ndi zinayi. Kapasule atawakumbutsa za dokotala, anayankha kuti dokotala analetsa kuwerenga, za kulemba sananenepo, ndipo iwo sakuwerenga zimene akulembazo. Wachipewa chofiira analandira supuni, n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Ndachoka kutali ine, madala. Anzanga ndawauza kuti ndikukanyamula njovu."

"Umenewo ndi mnyanga. Gwirani bwino."

Anaimangirira pampando wakumbuyo ndi lamba wa mphira, mozungulira katatu, n'kunyamuka. Wazingwe anapatsidwa anyezi, ndipo pofuna kuti zingwe zake zisapite pachabe anamumanga ndi zonse ziwiri. Njinga zinachoka imodzi ndi imodzi, ana a sukulu ya mkaka ya kutsidya kwa msewu akuziwerenga mokweza pawaya.

Pamapeto panatsala wanjinga mmodzi, wachete, wa imvi m'ndevu, ndipo katundu anali atatha. Kapasule anati akatenge supuni ina, koma apongozi anali ataimirira kale akumanga mabatani a jekete.

"Chidutswa chomaliza ndine. Katundu wochuluka chotere sapita wopanda womuperekeza. Komanso mnyamata wa manambala uja ndikufuna ndimuone nkhope."

"Bambo, fumbi! Dokotala anati chiyani?"

Wanjingayo anatsegula bokosi lakumbuyo n'kutulutsa chipewa china chokhala ndi galasi lotseka nkhope yonse. Apongozi anachivala, n'kudzimata kapepala pachifuwa, n'kukwera mwaulemu ngati akukwera guwa. Kapasule anathamangira m'nyumba kukatenga mankhwala a m'diso n'kuwaika m'thumba la jekete, n'kuuza wanjingayo kuti akadutsa pa bampu ngakhale limodzi mothamanga adzaonana. Anaima pageti mpaka tayi youluka ija inakhota pakona.

Analemba lipoti lake m'nyumba muli zii, khutu lili kumsewu. Cha m'ma 3 koloko mwamuna wake anafika, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kuyamba kufufuza ndi phazi pansi pa benchi.

"Silipasi yanga ina ili kuti?"

"Yapita ku ntchito."

Mwamunayo anamuyang'ana, n'kuona kuti ndi bwino ayambe ndi funso lina. "Nanga bambo agona?"

"Ndawatumiza."

"Mwawatuma kuti? Munthu wodwala diso?"

"Sindinawatume. Ndawatumiza. Pa njinga."

Anali akufotokozabe, mwamunayo ataima ndi silipasi imodzi pakati pa balaza, pamene hutala inalira panja. Apongozi analowa tsitsi litagona mbali imodzi, kachivindikiro ka diso kali m'malo mwake, m'manja muli pepala lokhala ndi masiginecha khumi ndi anayi. Anati Zilibwino anasayinira chidutswa chilichonse payekha, pageti pake, anthu a mumsewu wake akuonerera, ndipo anyezi anafika wosaphwanyika. Kenako iwo anakhala naye pabalaza n'kumuyang'anira mpaka anakonza zoti nambala izichokera pa foni. Anati ndi mwana waulemu, kungoti sanaleredwe pa ntchito, ndipo tiyi wake ndi wamadzi.

Mwana wawo anayamba kuwakalipira za fumbi ndi za msinkhu wawo, koma iwo anangomudutsa n'kupita patebulo lodyera pamene laputopu yakale inali ikulirabe. Kapasule anali atalandira kale pulogalamu yokonzedwayo, ndipo ulendo uno anayang'ana yekha kawiri kuti ikulankhula ndi kompyuta ya masewera. Anauza laputopu kuti izitaya theka, n'kudina batani lobiriwira. Kagudumu kanazungulira, foni inatumiza kasanu ndi kawiri, ndipo pa mapu panatuluka kadontho kamodzi kokha. Onse atatu anatchera khutu kumsewu. Kunangodutsa wogulitsa matsache.

Apongozi anavula jekete n'kuikoleka pampando, n'kumasula tayi.

"Zotaya makalatazi sindikugwirizana nazobe, mayi," anatero. "Koma mawa tiyamba nthawi yanji?"